Katoni Ipita Kunkhondo, Dzina Libwerera Kusukulu

Chokoleti ayi, makamaka ngati katunduyo anyamuka m'miyezi yotentha, chifukwa pofika uko chidzakhala chitasungunuka n'kumata china chilichonse. Nyama ya nkhumba ayi, mowa ayi, poti dziko limene katunduyo akupita ndi la Asilamu. Mankhwala opopera a m'zitini ayi, angaphulike m'ndege. Sopo asagone pamodzi ndi mabisiketi, apo ayi msilikali adzatafuna mabisiketi omveka sopo. Malangizo otere ndi amene aphunzitsi ambiri a m'sukulu za pulayimale ku America ankatumiza kwa makolo m'zaka zimene asilikali a dzikolo anali pankhondo ku Afghanistan ndi ku Iraq, kuyambira 2001 mpaka 2021. Ana ankabwera ndi zimene makolo agula, n'kuzikhuthulira pa matebulo m'holo ya sukulu, kenako n'kundanda pamzere, aliyense katoni yake m'manja, kutola ichi, kutola icho.

Zimene asilikali ankapempha kwambiri sizinali zodula ayi. Patsogolo panali sokosi, chifukwa munthu woyenda tsiku lonse m'jombo pa dzuwa la ku Helmand kapena ku Anbar mapazi amasupuka. Kenako tinsalu tonyowa topukutira makanda. Ku timisasa ta kutali, kumene madzi ankachita kubwera pa ndege, tinsalu timeneti ndito tinali bafa la msilikali kwa milungu ingapo. Panalinso mafuta opaka milomo ikamang'aluka, mabatire, khofi, chingamu, nyama ya ng'ombe youmitsa, makhadi osewerera ndi mabuku a nthano amene eni ake anawerenga kale. Pamwamba pa zonsezi pankakhala kalata, kapena chithunzi chojambula ndi chekeni: mbendera, dzuwa, kamunthu ka miyendo ya timizere kataimika dzanja pachipumi.

Kalata nayo inali ndi malamulo ake, ndipo malamulo a kalatawa ndi amene ine amandiganizitsa. Mwana alembe dzina loyamba lokha, adiresi asalembe. Tsiku asalembe, chifukwa kalata ikhoza kutha miyezi ili m'njira. Za ndale asakhudzeko. Mabungwe otumiza makatoniwa ankakhala ndi anthu ongodzipereka owerenga kalata iliyonse isanalowe m'katoni, n'kumapatula zimene aona kuti zingamufoole wolandira. Tsono mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa kuzungulira polankhula. Amamufunsa msilikali ngati anaphapo munthu. Amamuuza kuti akumupempherera kuti asafe. Akuluakulu ankafuna mawu othokoza ndi olimbikitsa okhaokha, choncho kalata imene yatchula zenizeni za nkhondo, zoti kumeneko anthu amapha ndi kuphedwa, ndi imene inali pangozi yotsala pa tebulo.

Nanga ana analowamo bwanji m'nkhani ya akuluakulu ngati imeneyi? America inasiya kulemba anyamata usilikali mokakamiza mu 1973. Kuchokera pamenepo amapita kunkhondo ndi amene afuna okha, ndipo pa anthu 100 alionse a m'dzikomo, amene ali pa usilikali sakwana ndi mmodzi yemwe. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinamenyedwa kwa zaka zambirimbiri pamene mabanja ochuluka analibe mwana, mlongo kapena mnansi kumeneko. Msonkho wa nkhondo panalibe, m'masitolo zinthu zinali mbwee, mpira unkaseweredwa monga mwa masiku onse. Kwa anthu a m'mizinda yabata yotere, kulongedza katoni ndiyo inali njira yokhayo yoikhudzira nkhondoyo ndi manja. Panalinso manyazi a ku Vietnam. Nkhondo ija inapha Aamerika oposa 58,000, ndipo ambiri mwa amene anabwerako amoyo anapeza anthu akuwayang'ana ndi diso loipa, ngati kuti anaiyambitsa ndi iwo. Mbadwo wotsatira unapangana kuti udane nayo nkhondo ngati ufuna, koma msilikali usadane naye. Phunziro limeneli makolo anafuna lilowe mwa ana akadali aang'ono.

Kale kutumiza kunali kosavuta. Kuyambira 1967, mlangizi wotchuka wa m'manyuzipepala, amene ankalemba pa dzina loti Dear Abby, ankalimbikitsa owerenga kuti azilembera msilikali aliyense, osatchula dzina, ndipo positi ya asilikali inkapereka kalata yotere kwa amene alibe womulembera. Izi zinatha kumapeto kwa 2001, pamene makalata okhala ndi ufa wa tizilombo ta anthrax anatumizidwa kwa atolankhani ndi aphungu ku America, anthu asanu n'kumwalira. Unduna wa za chitetezo unaletsa katundu wopanda dzina la womulandira. Apa m'pamene mabungwe analowerapo, kutolera mayina a asilikali kwa akuluakulu awo ndi kwa abale, kuti katoni iliyonse izikhala ndi mwini.

Limodzi mwa mabungwe akuluakulu otere linayambira m'chipinda chochezera cha mayi Carolyn Blashek ku Encino, m'chigawo cha California. Zigawenga zitagwetsa nyumba zosanja za ku New York pa 11 Seputembala 2001, mayiwa anafuna kulowa usilikali koma anawabweza kuti akula. Ndiye anayamba kuthandiza m'chipinda chopumuliramo asilikali pa bwalo la ndege la Los Angeles. Mu Malichi 2003 anakumana ndi msilikali amene anabwera kudzaika maliro a mayi ake. Mkazi anali atamusiya, mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira ali khanda. Munthuyo anawauza kuti akubwerera kunkhondo, ndipo akakafera komweko palibe amene zidzamukhudze. Mayi Blashek anapita kunyumba n'kuyamba kulongedza makatoni. Bungwe lawo, Operation Gratitude, latumiza makatoni oposa 3 miliyoni, ndipo mbali yaikulu ya makalata a m'katimo ndi ya ana a sukulu. Maswiti ambiri amachokeranso kwa ana omwewo: pa 31 Okutobala, tsiku la Halloween, ana a ku America amayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti, ndipo amene atsala amakawasiya kusukulu kapena kwa dokotala wa mano, amene mwina ndiye amasangalala kuposa onse kuwaona akutuluka m'dzikomo.

Mu 2004 mtsikana wa zaka 15 wa pa sukulu ina ya sekondale ya mpingo wa Lutheran ku Orange County, Shauna Fleming, anauza anzake kuti atolere makalata othokoza asilikali okwana 1 miliyoni. Chaka chisanathe anali atakwana, ndipo kalata yokwanitsa miliyoniyo anakaipereka yekha kwa Pulezidenti George W. Bush.

Mwambowu ndi wakale kuposa nkhondo ya ku Iraq. Mu 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, Mary, mwana wamkazi wa Mfumu George V ya ku Britain, ali ndi zaka 17, anapempha anthu kuti asonkhe ndalama zogulira msilikali aliyense mphatso ya Khirisimasi. Anasula tibokosi ta mkuwa toposa 2 miliyoni. Mwa osuta munali fodya ndi ndudu, mwa osasuta munali pensulo ndi mapepala olembera, asilikali a ku India ankapezamo maswiti ndi zokometsera ndiwo, anamwino chokoleti. Mkuwa unasowa poti unkafunikanso ku zipolopolo, moti ena analandira kabokosi kawo mu 1920, nkhondo itatha kalekale. M'zaka zomwezo ana a sukulu a ku Britain ndi a m'maiko a ufumu wake ankasonkha makobidi ogulira asilikali fodya, ndipo mwana aliyense wosonkha ankalandira satifiketi yokongola ya dzina lake. Mphunzitsi woyesa zimenezi lero ntchito ingamuthere tsiku lomwelo. Ku America nthambi ya ana ya Red Cross inakhazikitsidwa mu 1917, ndipo ana mamiliyoni, anyamata omwe, anaphunzira kuluka sokosi ndi majuzi.

Pa zonse zimene ana anachita m'nkhondo imeneyo, chimene chaima mpaka lero chili m'katauni ka ku France kotchedwa Villers-Bretonneux. Usiku wa pa 24 kuchera pa 25 Epulo 1918, asilikali a ku Australia analanda katauniko m'manja mwa Ajeremani, ndipo pafupifupi 1,200 mwa iwo anafera pomwepo. Nkhondo itatha, ana a sukulu a m'chigawo cha Victoria ku Australia, ambiri mwa iwo atataya abale awo pa nkhondo yomweyo, anasonkha makobidi omangiranso sukulu ya m'katauniko imene mabomba anagumula. Inamangidwa pakati pa 1923 ndi 1927, dzina lake n'kukhala Victoria, ndipo pabwalo pake pali chikwangwani chachikulu chokumbutsa ana kuti asaiwale Australia. Kupatsa n'kuika: mu Febuluwale 2009 moto wolusa wa m'tchire unapha anthu 173 ku Victoria n'kutentha sukulu ya pulayimale ya Strathewen, ndipo ana a ku Villers-Bretonneux anasonkha ndalama zothandiza kuimanganso.

Kodi katoni imamuthandizadi msilikali? Inde, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Munthu amene watha miyezi isanu ndi umodzi akugona m'hema, akudya zakudya za m'mapaketi zomwezomwezo, amene anzake amaitanidwa mayina positi ikafika iye n'kumangoyang'ana pansi, katoni ya mlendo imamuuza kuti kwawo akumukumbukira. Ambiri mwa amene analandirapo amanena kuti maswiti anawaiwala, koma kalata ya mwana, yokhotakhota ndi yolakwitsa zilembo, anaimata pa khoma kapena anabwera nayo kumudzi.

Koma chifundo chikachuluka chimalemera, ndipo wina ayenera kuchisenza. Unduna wa za chitetezo ku Britain unkachita kuchonderera anthu, makamaka Khirisimasi ikamayandikira, kuti asiye kutumiza maphukusi opanda mwini ku Afghanistan. Katundu ankaunjikana pa msasa waukulu wa Camp Bastion ku Helmand, ndipo makalata a akazi, amuna ndi ana a asilikali eni akewo ankachedwa chifukwa chokwiririka ndi mphatso za alendo. Kuchoka pamenepo kupita ku timisasa ta kutsogolo, thumba lililonse linkafuna malo mu helikopita kapena m'galimoto zoyenda mondondozana m'misewu yokwiriridwa mabomba. Ulendo uliwonse woonjezera unali moyo wa munthu pachiswe. Undunawo unkapempha kuti amene akufuna kuthandiza apereke ndalama ku mabungwe odziwika. Asilikali a ku Canada nawo anakhazikitsa lamulo loti kwa msilikali wosatchulidwa dzina mungatumize kalata kapena khadi, phukusi ayi. Zimenezi mwana wolongedza katoni sankauzidwa, ndipo mwina mphunzitsi wakenso sankazidziwa.

Palinso za maswiti. Asilikali ankalandira ochuluka kuposa amene angadye, ndipo ambiri ankagawira ana a ku Iraq ndi ku Afghanistan, pamodzi ndi tizidole ndi mapensulo. Ana anazolowera kuthamangira galimoto za asilikali. Zigawenga nazo zinaona zimenezo. Pa 30 Seputembala 2004, pa mwambo wotsegulira malo oyeretsera madzi a zonyansa ku Baghdad, ana anaunjirira asilikali a ku America amene ankagawa maswiti, ndipo mabomba a m'galimoto anaphulika n'kupha ana oposa 30. Mlandu ndi wa amene anatchera mabombawo, palibe kukayika. Komabe nkhani ya maswiti a kunkhondo siikwana ngati ana a ku Baghdad amenewa sakutchulidwamo.

Tsono limafika tsiku lina limene chochokera kunkhondo chimabwera kusukulu. Amamwalira ndi munthu amene anakhalapo pa madesiki omwewa, kapena bambo wa mwana wa m'kalasi yachitatu, kapena msilikali uja amene kalasi yonse inkamulembera ndipo ankayankha. Ku Afghanistan kunafera asilikali a ku America oposa 2,400, a ku Britain 457, a ku Canada 158. Ku Iraq kunafera Aamerika oposa 4,400. Aliyense wa iwo anaphunzirapo pa sukulu inayake.

Mmodzi mwa a ku Canada aja anali Kaputeni Nichola Goddard. Anabadwira ku Madang, m'dziko la Papua New Guinea, mu Meyi 1980, kumene makolo ake, Tim ndi Sally Goddard, ankaphunzitsa. Banjalo litasamukira ku Canada linakhala m'midzi ya kumpoto kozizira, pakati pa anthu a mitundu imene inali m'dzikomo Azungu asanabwere, makolowo akuphunzitsabe. Nichola analowa koleji ya usilikali ya ku Kingston, n'kuphunzira mabuku a Chingerezi, kenako n'kusankha ntchito ya mizinga. Ntchito yake inali yoyenda kutsogolo ndi asilikali oyenda pansi, kuona pamene adani ali, n'kuuza a mizinga pa wailesi kumene alunjike. Munthu wa ntchito imeneyi sangabisale, ayenera kusuzumira. Pa 17 Meyi 2006, m'boma la Panjwayi kumadzulo kwa Kandahar, ali chiimire pa chitseko cha pamwamba pa galimoto yake yankhondo, zigawenga za Taliban zinaombera galimotoyo ndi mabomba, chitsulo n'kumulasa m'mutu. Anali ndi zaka 26. Anakhala mkazi woyamba wa ku Canada wa m'gulu lomenya nkhondo kuphedwa pomenyana ndi adani.

Tsiku lomwelo nyumba ya malamulo ku Ottawa inkakambirana zoti asilikali apitirize kukhala ku Afghanistan kwa zaka zina ziwiri. Uthenga wa maliro unawapeza aphungu zokambirana zili m'kati. Usiku womwewo anavota: 149 anavomera, 145 anakana.

Mwezi umodzi izi zisanachitike, boma la Stephen Harper linali litaletsa atolankhani kujambula mabokosi a maliro a asilikali akamatsitsidwa m'ndege pa bwalo la Trenton. Linatengera America, kumene chiletso chotere chinalipo pa bwalo la Dover kuyambira 1991 mpaka 2009. Chifukwa chimene ankapereka chinali kulemekeza ofedwa, koma ambiri anaona kuti boma silinkafuna kuti anthu aziona mtengo wa nkhondo pa wailesi yakanema madzulo aliwonse. Pa mwambo wa maliro ku Calgary, bambo Tim Goddard anaima pamaso pa khamu n'kunena poyera kuti sakuona chifukwa chobisira kubwera kwa mtembo wa mwana wawo. Pasanapite nthawi boma linabweza mawu, n'kusiya nkhaniyo m'manja mwa mabanja. Anthu wamba nawo anali atayamba kale kuima pa milatho ya msewu wa makilomita pafupifupi 170 wochoka ku Trenton kupita ku Toronto, mbendera m'manja, mvula kapena chisanu, galimoto ya maliro ikamadutsa. Mu 2007 chigawo chimenecho cha msewu chinatchedwa Highway of Heroes.

Mu 2012 ku Calgary kunatsegulidwa sukulu yotchedwa Captain Nichola Goddard School. Ana amene akuphunzira pamenepo lero onse anabadwa mwini dzinayo atamwalira kale, koma dzina lake amalilemba pa makope awo ndi kulivala pa malaya a masewero. Makolo ake anasankha njira inanso yomukumbukira. Anayambitsa ntchito yoika magetsi a dzuwa m'tizipatala ta m'midzi ya ku Papua New Guinea kumene anabadwira, kuti amayi asamachire mumdima. Ku Edmonton, kuyambira 2011, bungwe la No Stone Left Alone limatenga ana a sukulu kupita nawo kumanda a asilikali kumayambiriro kwa Novembala, mwana aliyense n'kuima pa manda amene wapatsidwa, kuwerenga dzina, n'kuikapo duwa lofiira la popi.

Kwa ine, dzina limaphunzitsa zimene katoni singathe. Katoni imapita kwa munthu wopanda nkhope, amene mwana amamuganizira ngati ngwazi ya m'filimu. Dzina lili ndi zaka, lili ndi mayi ndi bambo, lili ndi tsiku limene linasiya kuyankhidwa. Mwana akaima pa manda a munthu wa zaka 19 amayamba kuwerengera yekha kuti mkulu wake ali ndi zaka zingati. Ndipo mafunso amene anachotsedwa m'kalata muja amabweranso, tsopano popanda wowapatula: anamupha ndani, iye ankafunako chiyani kumeneko, nanga nkhondoyo anapambana ndani? Funso lomalizali ndi lowawa, chifukwa mu Ogasiti 2021 a Taliban analowanso mu Kabul, asilikali akunja akunyamuka mothamanga. Mphunzitsi amene angawauze ana zimenezi, n'kuwonjezera kuti nkhondo yomweyo inapha anthu wamba a ku Afghanistan oposa 46,000 malinga ndi kafukufuku wa pa yunivesite ya Brown, sakumunyoza Nichola Goddard. Bambo ake omwe ndi amene anakana zobisa.

Komatu dzina nalo amanamizira. Pat Tillman anali katswiri wa mpira wa ku America mu timu ya Arizona Cardinals. Mu 2002 anakana kontirakiti ya madola 3.6 miliyoni n'kulowa usilikali. Atamwalira ku Afghanistan pa 22 Epulo 2004, akuluakulu a asilikali analengeza kuti wafa akulimbana ndi adani, n'kumupatsa mendulo ya kulimba mtima, mwambo womukumbukira n'kuonetsedwa pa wailesi yakanema dziko lonse. Patapita milungu isanu m'pamene banja lake linauzidwa zimene akuluakulu ena ankazidziwa kuyambira masiku oyambirira: anaomberedwa mwangozi ndi asilikali anzake. Mayi ake anatha zaka akukoka boma kuti linene zoona. Ana amene anauzidwa nkhani yoyamba ija pa asembule, ndi angati amene anadzamvanso yachiwiri?

Kumene izi zimathera boma likazigwira ndi manja awiri tikukuona ku Russia. Kuyambira 2022, pamene dzikolo linalowa ndi nkhondo mu Ukraine, ana a sukulu kumeneko amalembera makalata asilikali, amalongedza maphukusi, amapanga makandulo a m'zitini oti asilikali aziothera m'maenje, ena amaluka maukonde obisira zida. M'makalasi ambiri muli desiki lobiriwira lokhala ndi chithunzi ndi mbiri ya msilikali amene anaphunzirapo pa sukuluyo n'kukafera kunkhondo, ndipo kukhala pa desiki limenelo ndi mphotho ya mwana wokhoza bwino. Mukaziona ndi maso, zochitikazo n'zimodzimodzi ndi za ku California kapena ku Calgary: sokosi, kalata, dzina. Boma likudziwa kuti m'mera m'poyamba. Kusiyana kunaoneka mu Epulo 2022 m'tauni ya Yefremov, pamene mphunzitsi anauza ana kuti ajambule zithunzi zolimbikitsa asilikali. Mtsikana wina wa zaka 12 anajambula mayi ndi mwana ataima pafupi ndi mbendera ya Ukraine, mizinga ikuwalunjika kuchokera mbali ya Russia. Akuluakulu a sukulu anaitana apolisi. Bambo ake, Alexei Moskalyov, amene ankamulera yekha, anawafufuza zimene ankalemba pa intaneti, ndipo mu Malichi 2023 khoti linawagamula kukakhala kundende zaka ziwiri pa mlandu wonyoza asilikali. Mwanayo anakamusiya kumalo osungirako ana. Ine poyeza mwambo uliwonse wotere, kulikonse kumene ukuchitika, ndimayang'ana pamenepo: mwana amene wajambula zosiyana ndi anzake, kapena wafunsa funso losayembekezeka, zimamuthera bwanji.

Kuno kwathu nkhani ya asilikali ofera kutali si yachilendo. Chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa za asilikali a King's African Rifles, ndipo Novembala aliyense akuluakulu amakaika nkhata za maluwa kumeneko ndi pa chipilala cha ku Lilongwe. Amtengatenga pafupifupi 200,000 amene anasenza katundu wa nkhondo yoyamba ija kuchokera m'dziko lino, ambiri mwa iwo mokakamizidwa, amene anafera m'njira mayina awo ochuluka sanalembedwe paliponse. Koma a m'nthawi yathu ino mayina awo alipo. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi akhala ali kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, m'gulu lapadera la United Nations lololedwa kuthira nkhondo zigawenga, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi a ku South Africa.

Pakati pa Novembala 2018, pafupi ndi tauni ya Beni, asilikali a Malawi ndi a Tanzania analowa m'nkhalango kukasaka zigawenga za ADF. Nthawiyo ku Beni kunali mliri wa Ebola, ndipo zigawengazo zinkapha anthu m'midzi ndi kusokoneza ntchito ya achipatala. Asilikaliwo anakumana ndi zipolopolo zoopsa. Amalawi anaima n'kumaombera kuti anzawo a ku Tanzania apeze mpata wosunthira pamalo otetezeka. Itakwana nthawi yoti nawo abwerere m'mbuyo, Private Chancy Chitete anaona Kopolo Ali Khamis Omary wa ku Tanzania ali gone, atavulala kwambiri, adani akuyandikira. Anabwerera, n'kumukokera pobisika zipolopolo zikuvumba, ndipo anaomberedwa akumumanga mabala. Omary anapulumuka. Amalawi osachepera asanu ndi mmodzi anafa pa nkhondo ya masiku amenewo, pamodzi ndi Mtanzania mmodzi.

Pa 24 Meyi 2019 ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa mkazi wa malemu Chitete mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali osungitsa mtendere. Menduloyo inakhazikitsidwa mu 2014 pokumbukira Kaputeni Mbaye Diagne wa ku Senegal, amene anapulumutsa anthu mazanamazana ku Rwanda mu 1994 asanaphedwe. Kupatula banja la Diagne mwini wakeyo, Chitete ndiye anali woyamba kuilandira. Mphunzitsi wa ku Karonga kapena ku Nsanje wofuna kuwauza ana za kulimba mtima sasowa kubwereka dzina la ku Canada. Koma akayamba nkhani ya Chitete aimalize yonse, chifukwa siinathere pa mendulo. Mu Januwale 2025 asilikali ena atatu a Malawi, amene anapita pansi pa SADC, anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za M23 pamene mzinda wa Goma unkagwa. Mwezi wotsatira Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula kuti asilikali ayambe kukonzekera zobwerera, ndipo mu Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ntchito ya gulu lonselo. Zigawenga za ADF zikadali m'nkhalango zomwezo, ndipo mu Julayi 2025 zinapha anthu oposa 40 amene ankapemphera usiku m'tchalitchi cha Katolika ku Komanda, kumpoto kwa Beni.